TIDZIWE BOMA LATHU LA KASUNGU: MALO ATHU NDI MMENE TIKUWAGWIRITSIRA NTCHITO

Mau oyamba

Munthu akaima pa msika wa Wimbe mwezi wa Okutobala, tchire litapsa, n'kuyang'ana mbali zonse, amaona ngati dziko la Kasungu lilibe malekezero. Chidikha chimangopita mpaka kumene maso alekeza. Alendo ochokera ku maboma othithikana monga Thyolo ndi Mulanje akafika kuno amanena kuti kuno ndiye kuli malo. Koma mlendo yemweyo akakhala pa bwalo la mfumu tsiku la milandu, sachedwa kumva za malire a munda, za mwana wa mlongo amene walanda dimba, kapena za banja limene lapezeka likulima m'malo a esiteti.

Nanga zimatheka bwanji kuti boma lalikulu chotere likhale ndi anthu osowa polima? Kuti tiyankhe funso limeneli tiyenera kulidziwa bwino boma lathu: pamene lili, madzi ake, matauni ake, ndiponso mmene malo ake anagawikira. Nzika imene ikudziwa zimenezi imatha kuyankhula zomveka pa msonkhano wa chitukuko. Nzika yosadziwa imangovomera zimene ena aganiza. Werengani mutu uno pa gulu, ndipo pomaliza mukambirane mafunso amene ali kumapeto.

1. Kodi boma la Kasungu lili pati?

Boma la Kasungu lili m'chigawo chapakati cha dziko la Malawi, ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 7,878. Kumadzulo lachita malire ndi dziko la Zambia, kumpoto ndi boma la Mzimba, kum'mawa ndi Nkhotakota, ndipo cha kumwera kuli Ntchisi, Dowa ndi Mchinji. Kuchokera ku Lilongwe kufika pa boma pa Kasungu pali mtunda wa makilomita pafupifupi 130.

Gawo lalikulu la bomali ndi chidikha chokwera, chimene chili pa mamita oposa pang'ono 1,000 kuchokera pa nyanja ya mchere. Ndi chidikha chomwecho chimene chayambira ku Lilongwe. Apa ndi apo pali mapiri oima paokha, monga phiri la Kasungu limene timaliona tikadali kutali ndi tauni. Tikamapita kum'mawa, kupitirira Wimbe kulowera ku Chamama, dziko limayamba zitunda ndi zigwa mpaka kukatsetsereka kunyanja ku Nkhotakota.

Mvula imagwa nyengo imodzi pa chaka, kuyambira mu Novembala kapena Disembala mpaka mu Malichi kapena Epulo. Madera ambiri a pachidikha amalandira mvula ya mamilimita pafupifupi 800 pa chaka. Mvula imeneyi ndi yokwanira chimanga, mtedza ndi fodya ngati yagwa mwa ndondomeko. Koma ikadula milungu itatu mu Januwale kapena Febuluwale, chimanga chikumasula, chaka chonse chimaonongeka. Miyezi isanu ndi iwiri yotsalayo mlimi amadalira madzi a m'nthaka basi.

Dothi la m'madera ambiri ndi lamchenga, ndipo malo ena kuli katondo. Dothi lamchenga silivuta kulima ndipo fodya ndi mtedza zimalikonda, koma silisunga madzi ndi chonde nthawi yaitali. Likalimidwa chaka ndi chaka popanda manyowa limatha mphamvu msanga. Mfundo imeneyi tiisunge, chifukwa tidzabwereranso kwa iyo.

2. Mitsinje ndi madambo

Madzi a boma lathu amathera m'mitsinje iwiri ikuluikulu. Kumwera kuli Bua, amene amachokera ku Mchinji, nalandira madzi a Rusa, n'kudutsa m'nkhalango ya Nkhotakota mpaka kunyanja. Kumpoto kuli Dwangwa, amene amayambira m'nkhalango ya Kasungu, nalandira madzi a Lingadzi ndi Mpasadzi, n'kukathira m'nyanja pamene pali minda ya nzimbe. Tauni ya Kasungu imamwa madzi a m'damu la pa mtsinje wa Chitete.

Izi zikutanthauza kuti zochita zathu sizithera kwathu konkuno. Dothi lokokoloka m'munda wa kwa Wimbe kapena kwa Santhe limakakwirira maiwe a mu Bua, mmene nsomba za mpasa zimakwera kuchokera kunyanja kudzaswana. Msodzi wa ku Nkhotakota ndi mlimi wa ku Kasungu amamwa mtsinje umodzi ngakhale sadziwana.

Chuma chachikulu cha madzi pachidikha pano ndi madambo. Dambo lili ngati nkhokwe ya madzi: limamwa mvula ya dzinja ndi kumaitulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. M'dambo ndi mmene timadyetsa ng'ombe, timamweta udzu wofolera, timakumba zitsime, timafesa nazale za fodya ndi kulima madimba a masamba, tomato ndi chimanga chachiwisi. Dambo likalimidwa mpaka pakati, mitengo ya m'mphepete ikadulidwa, madzi amathamanga n'kukumba chigwembe. Zikatero zitsime zimene zinkafika Novembala zimaphwa mu Ogasiti, ndipo amayi ndi atsikana ndiwo amayamba kulawira mbandakucha kukasaka madzi.

3. Matauni ndi malo a malonda

Matauni a boma lathu anamera motsata misewu. Msewu waukulu wa M1 umalowa m'bomali pa mlatho wa Bua, n'kudutsa pa Chinkhoma, pa boma pa Kasungu, pa Chatoloma ndi pa Nkhamenya, kenaka n'kulowa m'boma la Mzimba. Msewu wina umapita kum'mawa ku Nkhotakota, ndipo wina umapita ku Mchinji kudzera pa Santhe.

Tauni ya Kasungu ndiye likulu. Pa kalembera wa mu 2018 munali anthu pafupifupi 59,000. Pamenepo ndi pamene pali ofesi ya bwanamkubwa, chipatala chachikulu cha boma, mabanki, bwalo la milandu ndi sukulu yophunzitsa aphunzitsi. Tauniyi ili ndi khonsolo yakeyake, yosiyana ndi khonsolo ya boma lonse. Mbiri yake ndi yakale. Panali likulu la mfumu ya Achewa, Mwase Kasungu, amene David Livingstone anamuchezera mu 1863. Kumapeto kwa 1895 asilikali a boma la Britain anagonjetsa Mwase, namanga linga limene analitcha Fort Alston. Pafupi ndi tauni pali Chilanga, mishoni yakale imene ili ndi sukulu ya ana osaona.

Chinkhoma ndi potchuka chifukwa cha okushoni ya fodya. Alimi a kuno kale ankatumiza mabelo awo ku Kanengo ku Lilongwe, koma tsopano ambiri amagulitsa pomwepa. Nkhamenya, kumpoto, panakula chifukwa cha mishoni, chipatala ndi sukulu. Mtunthama, kufupi ndi Wimbe, ndi pamene pali Kamuzu Academy, sukulu imene Dr Hastings Kamuzu Banda anatsegula mu 1981 m'dera la kwawo. Chamama, Santhe ndi Wimbe ndi misika ya zokolola, kumene ngolo ndi njinga zimabweretsa chimanga, soya, mtedza ndi nyemba.

Tikaonetsetsa tipeza kuti moyo wa malo onsewa umachokera kumunda. Fodya akagulidwa bwino, sitolo zimadzaza, malata ndi njinga zimatha, amisiri amapeza ntchito. Mitengo ikatsika pa okushoni, ngakhale wogulitsa mandasi pa Wimbe amadziwa. Tiyeneranso kudziwa kuti anthu a m'tauni ya Kasungu ndi osakwana mmodzi pa anthu khumi alionse a m'bomali. Ena onse tili kumudzi, ndipo moyo wathu uli m'nthaka.

4. Anthu ndi mafumu

Anthu ambiri a m'boma lino ndi Achewa, ndipo kumpoto, m'madera monga kwa Kaluluma ndi kwa Simlemba, ambiri amayankhula Chitumbuka. Palinso Alomwe, Ayao, Angoni ndi ena amene anabwera kudzagwira ntchito m'minda ya fodya, ndipo ana awo ndi zidzukulu zawo anabadwira konkuno. Ena mwa mafumu aakulu a bomali ndi Mwase, Lukwa, Kaomba, Wimbe, Chilowamatambe, Kapelula, Santhe, Kawamba, Njombwa, Chulu, Kaluluma ndi Simlemba.

Miyambo ya kasiyidwe ka malo ndi yosiyana. Pa mwambo wa Chichewa munda umatsata mbumba, ndipo mwini mbumba ndi amalume. Komabe mabanja ambiri kuno ndi a chitengwa, mkazi amakakhala kwa mwamuna. Kumpoto, kumene amalowola, malo amatsata kuchimuna. Miyambo imeneyi ikasakanikirana, bambo akamwalira pamabuka funso: mundawu ndi wa ana ake, kapena wa ana a mlongo wake? Kawirikawiri amene amavutika ndi mayi wamasiye ndi ana, amene amauzidwa kuti abwerere kwawo atalima pamalopo zaka makumi awiri.

5. Malo a boma lathu anagawika patatu

Tsopano tafika pa mtima pa nkhani yathu. Malo a Kasungu tingawagawe m'zigawo zitatu: nkhalango zotetezedwa, maesiteti, ndi malo a makolo.

(a) Nkhalango zotetezedwa

Kumadzulo, m'malire ndi Zambia, kuli nkhalango yosungirako nyama ya Kasungu. Kukula kwake ndi masikweya kilomita oposa 2,300, ndipo m'dziko muno imaposedwa ndi ya Nyika yokha. Izi zikutanthauza kuti pa maekala khumi alionse a boma lathu, pafupifupi atatu ali m'nkhalangoyi. Kale munali midzi. Mpaka lero muli ng'anjo zimene makolo ankasungunuliramo chitsulo ndi zojambula za pamiyala. Mu 1922 boma la atsamunda linasamutsa anthu chifukwa cha matenda a kaodzera amene amafala ndi kashembe, ndipo malowo anasanduka nkhalango yotetezedwa. Mu 1970 anakhazikitsidwa kukhala paki.

M'zaka za m'ma 1970 munali njovu zoposa 1,000, koma opha nyama mozembera anazitha mpaka pofika 2015 zinatsala pafupifupi 50. Mu 2022 njovu 263 zinabweretsedwa kuchokera ku Liwonde. Kuyambira chaka chimenecho anthu a m'midzi yoyandikana ndi paki, kuno ndi ku Zambia komwe, akhala akudandaula za mbewu zoonongedwa, ndipo ena ataya miyoyo. Nkhani imeneyi ili ndi mbali ziwiri ndipo zonse ndi zoona. Nkhalangoyi ndiyo gwero la Dwangwa, ndipo ikatha madzi athanso. Koma banja limene njovu zadya munda wake usiku umodzi lili ndi ufulu womveredwa ndi wotetezedwa. Kumpoto kwa bomali kulinso nkhalango ya Chimaliro, kumene m'zaka za m'ma 1990 boma linayamba kuyesa njira yosamalira nkhalango mogwirizana ndi midzi yozungulira.

(b) Maesiteti

Kuti timvetse za maesiteti tiyenera kubwerera m'mbuyo. Lamulo la za malo la mu 1965 linapatsa nduna mphamvu yotenga malo a makolo ndi kuwapereka kwa munthu pa lizi, mfumu ikavomereza. Pa nthawi yomweyo lamulo la mbewu zapadera linkaloleza eni maesiteti okha kulima fodya wa bale ndi fodya wochiza ndi moto wa m'mapaipi, amene ali ndi ndalama zambiri. Mlimi wamba ankaloledwa mitundu ina ya fodya monga chikopa, ndipo ankagulitsa ku ADMARC pa mtengo umene boma laika.

Motero aliyense wofuna kupindula ndi fodya ankayesetsa kupeza lizi. M'dziko lonse maesiteti anali mazana ochepa chabe mu 1970, koma pofika 1989 anapitirira 14,000, ndipo Kasungu linali limodzi mwa maboma amene anatsogola. Ena anali aakulu, monga a kampani ya Press ndi a bungwe la fodya la KFCTA. Ena anali ang'onoang'ono, a mabanja amene analembetsa munda wa makolo m'dzina la munthu mmodzi, nthawi zambiri pa lizi ya zaka 21. Malo ambiri achonde anachoka m'manja mwa mafumu m'zaka zimenezo.

Ntchito ya m'maesiteti inkagwiridwa ndi matenanti. Mwini esiteti ankapatsa banja malo, mbewu, feteleza ndi chakudya pa ngongole, ndipo pokolola ankagula fodyayo pa mtengo wake, atachotsa ngongoleyo. Mabanja ambiri ankatsala opanda kanthu chaka chitatha, ndipo ana ankajomba kusukulu kuti asoke fodya. Kuyambira 1990 alimi ang'onoang'ono anayamba kuloledwa kulima fodya wa bale kudzera m'makalabu, ndipo maesiteti ambiri anafooka. Ena anasiyidwa osalimidwa. Matenanti amene anachoka kwawo kalekale anapezeka alibe ntchito, alibe munda kuno, ndipo kwawo malo awo anagawidwa kale. Mabanja ena otere akhala pa msasa kwa Nthunduwala zaka zambiri akupempha malo. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la za ntchito ndi kuletsa utenanti. Wogwira ntchito m'munda wa fodya ayenera kulembedwa ntchito ndi kulandira malipiro monga wantchito wina aliyense.

(c) Malo a makolo

Amenewa ndi malo amene ambiri a ife tikukhalapo ndi kulimapo, oyang'aniridwa ndi mafumu m'malo mwa anthu awo. Pamenepa ndi pamene pali midzi, minda, madimba, manda, sukulu ndi mabwalo a mpira. Chigawo chimenechi ndicho chikusenza katundu wolemera koposa, monga tionere tsopano.

6. Tiyeni tiwerengere limodzi

Kalembera wa mu 1987 anapeza anthu pafupifupi 323,000 m'boma la Kasungu. Mu 1998 analipo pafupifupi 481,000, mu 2008 pafupifupi 627,000, ndipo mu 2018 anafika pafupifupi 843,000. M'zaka 31 zokha chiwerengero chinawirikiza koposa kawiri ndi theka.

Tsopano pa masikweya kilomita 7,878 tichotsepo 2,300 a paki. Patsala pafupifupi 5,580, amene ndi mahekitala 558,000. Tikagawira anthu a mu 1987, aliyense akadalandira maekala oposa anayi. Tikagawira anthu a mu 2018, aliyense akadalandira ekala imodzi ndi theka yokha. Ndipo m'ekala ndi thekayo sitinachotsemo maesiteti, mapiri, misewu, matauni, madambo ndi manda. Kuyambira 2018 ana ambiri abadwanso, koma boma silinakule ngakhale phazi limodzi.

Apa ndi pamene pali yankho la funso lathu loyamba lija. Malo amene maso amaona pa Wimbe ndi ambiri, koma malo amene banja wamba lingalime ndi ochepa, ndipo akuchepa chaka ndi chaka. Agogo athu munda ukaguga ankausiya kuti ugonere, n'kukatsegula mphanje. Lero mphanje kulibe. Dothi lamchenga lija likulimidwa chimanga pa chimanga popanda kupuma, ndipo popanda feteleza silibereka.

7. Fodya, mitengo ndi njala

Palibe angakane kuti fodya wamanga nyumba zambiri za malata ndi kuphunzitsa ana ambiri m'boma lino. Koma tiyenera kuwerengeranso zimene watenga. Fodya wa m'mabalani amafuna nkhuni zambiri zomuchizira. Fodya wa bale amafuna mitengo ya mafoloko ndi milimo ya zigafa, imene chiswe chimadya ndipo imafuna kusinthidwa kawirikawiri. Mitengo yachilengedwe monga mombo, muwanga, msuku ndi mlombwa, imene inali ponseponse, tsopano imapezeka kumanda ndi m'nkhalango zotetezedwa. Eni malizi ankalamulidwa kusiya gawo limodzi mwa magawo khumi a esiteti kuti likhale la mitengo, koma ambiri sanatsate.

Anthu a kwa Wimbe sadzaiwala njala ya 2001 mpaka 2002. Zokolola za 2001 zinachepa chifukwa cha mvula yosalongosoka, chimanga cha m'nkhokwe za dziko chinali chitagulitsidwa, ndipo mtengo wa chimanga unakwera kangapo m'miyezi yochepa. Mu Febuluwale 2002 boma linalengeza kuti m'dziko mwagwa tsoka la njala. Kasungu linali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri. Anthu anadya gaga ndi mizu, anagulitsa mbuzi, njinga ndi malata pa mtengo wolira, ndipo ambiri anamwalira. Fodya anali m'munda ali wobiriwira, koma fodya sadyedwa. Akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ndalama ya fodya amene sanafike ku okushoni siidyetsa ana mwezi wa Febuluwale.

M'nyengo yomweyo mnyamata wa m'mudzi wa Masitala kwa Wimbe, William Kamkwamba, atalekera sukulu panjira chifukwa chosowa fizi, anawerenga mabuku a mulaibulale ya pa sukulu ya pulaimale, napanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugama, zitsulo za njinga ndi zina zotola. Nkhani yake inamveka dziko lonse lapansi. Phunziro lake kwa ife ndi lakuti iye analiyang'anitsitsa dera lake, naona chuma chimene ena ankangochidutsa: mphepo ya pachidikha.

Tiyeneranso kudziwa kuti maiko ambiri akulimbana ndi kusuta, ndipo mu 2023 dziko la Malawi linalowa nawo m'pangano la maiko onse lochepetsa kusuta fodya. Panganoli silikuletsa mlimi kulima fodya, koma likutichenjeza kuti tisaike moyo wa boma lonse pa mbewu imodzi. Mtedza, soya, nandolo ndi nyemba zimabwezera chonde m'nthaka, zimadyedwa pakhomo, ndiponso zimagulitsidwa.

8. Zimene malamulo a malo akunena tsopano

Madandaulo a za malo anachititsa kuti mu 1996 boma likhazikitse komiti yofufuza nkhaniyi. Mu 2002 kunatuluka ndondomeko ya dziko ya za malo, ndipo mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza malamulo atsopano, amene anakonzedwanso mu 2022. Kasungu linali limodzi mwa maboma oyamba kuyesa kalembera wa malo a makolo. Mfundo zofunika kuti aliyense azidziwe ndi izi:

Choyamba, munthu, banja, kapena anthu angapo pamodzi angathe kulembetsa malo awo a makolo ndi kulandira chikalata cha umwini. Mwamuna ndi mkazi angathe kulembetsa maina awo onse awiri.

Chachiwiri, m'dera la gulupu aliyense muyenera kukhala komiti ya malo. Wapampando ndi gulupu, ndipo mamembala ena asanu ndi mmodzi amasankhidwa ndi anthu. Mwa iwo, osachepera atatu ayenera kukhala amayi.

Chachitatu, mkangano wa malo uli ndi njira yake. Umayambira ku bwalo la malo la kwa mfumu yaikulu. Wosakhutira angathe kukadandaula ku bwalo la malo la pa boma, ndipo kuchoka apo kuli bungwe la dziko lonse.

Chachinayi, malo a mudzi wonse monga madambo odyetserako ziweto sayenera kusanduka a munthu mmodzi.

Chachisanu, kusintha kwa mu 2022 kunaletsa kugulitsa malo kwa munthu amene si nzika ya Malawi.

Lamulo lolembedwa silidziyendetsa lokha. Chikalata chingateteze mayi wamasiye, koma chingamulandenso malo ngati m'bale wochenjera walembetsa dzina lake yekha ena ali chigonere. Zimene zinachitika ndi malizi m'zaka za m'ma 1980, pamene munda wa mbumba yonse unalembedwa m'dzina la munthu mmodzi, zisachitikenso. Pa tsiku loyeza malire, banja lonse ndi oyandikana nawo akhalepo.

9. Udindo wathu

Lamulo la maboma ang'ono la mu 1998 linapereka mphamvu zokonza chitukuko ku makhonsolo. Maganizo amayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ya VDC, n'kupita ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, ya ADC, mpaka ku khonsolo kumene kuli makhansala amene timasankha tokha. Nkhani za malo ziyenera kumveka m'makomiti amenewa, osati za milatho ndi mijigo zokha ayi. Nazi zina zimene mudzi uliwonse ungachite:

Jambulani mapu a mudzi wanu, ngakhale pansi ndi kamtengo. Onetsani minda, dambo, zitsime, manda, nkhalango ndi malire a esiteti ngati ilipo. Akuluakulu afotokoze mmene malowo analili zaka makumi atatu zapitazo.

Ngati pafupi nanu pali esiteti yosalimidwa, musalowemo mwa mphamvu, chifukwa mudzataya mbewu zanu ndi kugwa m'milandu. Pitani kwa mfumu, kwa khansala ndi ku ofesi ya za malo pa boma, mufunse mwini wake ndani, lizi yake ndi ya zaka zingati, ndipo ngati inatha boma likuganiza zotani. Kufunsa zimenezi ndi ufulu wanu.

Gwirizanani za malire a dambo, pamene khasu liyenera kulekera ndi pamene ng'ombe zidutse. Patulani nkhalango ya mudzi, ndipo lolani zitsa ziphukire m'minda. Mtengo wa msangu sulimbana ndi chimanga, chifukwa umayoyola masamba nthawi ya dzinja ndipo masambawo ndi manyowa.

Musagulitse munda chifukwa cha vuto la mwezi umodzi. Ndalama zimatha, koma ana amene akadalima pamenepo adzakhalapobe. Madzi akatayika saoleka.

Makolo, kambiranani ndi ana anu ndi abale anu za malo mukadali moyo, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe pamaso pa mboni.

Mafunso okambirana pa gulu

1. Kodi munda umene agogo anu ankalima wagawidwa kwa anthu angati lero? Nanga ana anu adzalima pati?

2. Kodi dambo la kwanu limasunga madzi mpaka mwezi uti? Zaka khumi zapitazo linkafika mwezi uti? Chasintha n'chiyani?

3. Kodi kwa gulupu wanu kuli komiti ya malo? Anaisankha ndani, ndipo muli amayi angati?

4. Bambo akamwalira m'mudzi mwanu, mayi ndi ana amatsala ndi munda kapena amachotsedwa? Kodi zimenezi ndi chilungamo?

5. Ana a matenanti amene anabadwira kuno ndipo alibe kwina kopita, tiwathandize bwanji kuti apeze pokhala ndi polima?

6. Sankhani chinthu chimodzi chimene gulu lanu lichite mvula isanagwe. Atsogolere ndani, ndipo mudzakumananso liti kuti muone pamene mwafika?